Chithunzi cha phiri la Dedza chinatsala pang'ono kundidyera disiki yonse

Ndili ndi kashopu ka fotokope ndi kupulinta pa Dedza boma pano, ndipo amene munagwirako ntchito imeneyi mukudziwa kuti kompyuta ya pashopu yotere imasanduka nkhokwe ya zinthu za eni ake. Wina amabwera ndi chiphaso cha unzika kuti umusikanire, wina satifiketi ya MSCE, wina kalata ya kuchipatala, wina pepala la malo, nde akamatuluka amati "musadilite bwana ndidzazifunanso", basi iwe n'kusunga. Kuonjezera apo mayi akunyumba ndi mlembi wa banki m'khonde ya kudera kwathu ndipo ine ndi amene ndimawalowetsera masheya ndi ngongole mu kompyuta, komanso alamu anga a ku Bembeke amene amagula kachewere kwa alimi kukagulitsa ku Lilongwe, mndandanda wa onse amene anawakongoza uli kwa ine. Zonsezi zimakhala pa hadi draivi yakunja imene madzulo ndimaiponya m'chikwama kupita nayo kunyumba.

Chimene chinandidzidzimutsa ndi mnzanga wina wa ntchito ngati yangayi amene anatsika minibasi pa Lizulu kukagula kabichi, pobwera minibasi yapita ndi chikwama chake. Laputopu sinamuwawe kwambiri ayi, chimene chinamusowetsa tulo ndi ziphaso za anthu zimene zinali mmenemo, poti masiku ano ndi chithunzi cha chiphaso chokha munthu atha kuchita nacho zambiri zoipa m'dzina lako. Ndiponso kuchokera 2024 kuli lamulo loteteza data ya anthu kuno ku Malawi, nde kusunga zinthu za eni pambalambanda sizoseweranso. Ndinati basi disiki yanga ndiiloka.

Pa laputopu yanga ndinaikapo kale Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati mmene ilili Windows, nditatopa ndi mavairasi a m'mafulashi a makasitomala, nde njira yolokera inali LUKS, pulogalamu yake ndi cryptsetup. Powerenga ndinaona kuti utha kutsegula disiki ndi pasiwedi yolemba pamanja kapena ndi keyfile, kutanthauza fayilo imene ikugwira ntchito ngati kiyi, ndipo fayilo ina iliyonse imatheka. Apa mpamene nzeru zanga za kuhadiweya zinandilowa. Mukudziwa mukapita kukagula loko, wamng'ono uja ndi wotchipa ndipo mwana ndi mwala amathyola, wamkulu wolemera uja ndiye wa pagolosale. Ine mumtima ndinati kiyi akakhala wamkulu ndiye kuti wolimba, nde ndinatenga vidiyo ya ukwati wa mchemwali wanga, yoposa 300 MB, kuti wakuba akaione. cryptsetup inangondiyankha kuti "Maximum keyfile size exceeded". Malire ake ndi 8 MB, mukalemba cryptsetup --help chakumunsi amalemba 8192kB. Ndinakwiya eti, kumati anthu awa akundimana chitetezo.

Nde ndinatsika pang'ono. Unali mwezi wa Juni, kuzizira kwa kuno kuja kolowa m'mafupa, mmawa wina nkhungu itakuta phiri la Dedza theka ndinajambula zithunzi zingapo ndi foni ndili kuseri kwa shopu. Ndinasankhapo chimodzi cha pafupifupi 4 MB n'kufomata nacho disiki ngati kiyi. Pasiwedi sindinaike olo imodzi, ndinkati pasiwedi ndi khomo lofooka, bwanji ndisiye zenera lotsegula pamene chitseko chili chachitsulo. Chithunzicho ndinachiika pa fulashi imene inali pa mulu wa makiyi anga, ndipo kuti ndikhale ndi bakapu ndinadzitumizira ndekha pa app ija timachezerapo tonse ija. Ndinadziona wochenjera zedi, ndani angaganize kuti chithunzi cha phiri ndi kiyi. Muphwa wanga amaphunzira za makompyuta ku Lilongwe koma sindinamufunse, safunsa anadya phula paja.

Miyezi inadutsa zili bhobho. Foni ija inagwa n'kusweka galasi, ndinagula ina, yakaleyo ndinawapatsa amayi kumudzi cha ku Linthipe kuti azimvera wailesi, macheza onse anasamukira pa foni yatsopano ndi chithunzi chomwe.

Mu Disembala, sabata yomwe a banki m'khonde amagawana ndalama, ndinasiya makiyi pa tebulo ndikupita kukagula mapepala. Mnyamata amene amandithandiza pashopu kunabwera mnzake wofuna nyimbo za paphwando, iye anangoona fulashi ili ndi kachithunzi kamodzi kokha, anaifomata n'kuidzaza nyimbo mpaka pakamwa. Sindingamunene kwambiri, sindinamuuzepo kuti fulashi imeneyo ndi chani. Ndinayesa PhotoRec, pulogalamu yobweza mafayilo ofufutidwa, usiku wonse kuti mwina chibwerera koma nyimbo zinali zitalembedwa pamwamba pake, zinangotuluka nyimbo zomwezo.

Mtima sunagunde poyamba chifukwa ndinkadziwa kuti bakapu ilipo. Ndinadawuniloda chithunzi chija pa app, kuchiyang'ana ndi chomwecho ndithu, phiri lomwelo, nkhungu yomweyo, waya wamagetsi wodutsa pakona yemweyo. Kuyesa kutsegula disiki, "No key available with this passphrase". Kuyesanso, chimodzimodzi. Kuyang'ana kukula kwa fayilo, ili pansi pa 200 KB pamene yanga inali 4 MB. Ndinangoti kakasi. Ma app a macheza ukatumiza chithunzi ngati chithunzi amachifinya kuti chisadye bandulo, zimene ndi zabwino kwa tonsefe, koma zikatero m'maso chimaoneka chomwecho pamene mkati mwake mabayiti, timanambala timene timapanga fayilo, asintha onse. Kompyuta siiona phiri ayi, imawerenga mabayiti, ndipo ikasintha biti imodzi yokha kiyi ameneyo ndi wa nyumba ina.

Kunyumba mayi anangondifunsa funso limodzi, "nde abambo, Loweruka ndikawauze chani azimayi aja?" Kope lolemba pamanja analinalo inde koma masamu a chiwongoladzanja a chaka chonse anali mu disiki, osanenanso za alamu ndi makasitomala. Nsima ya tsiku limenelo sinatsike.

Mmawa ndinamuimbira muphwa uja. Atamva anaseka kaye kenako n'kufunsa, "malume, chithunzicho munajambula ndi foni iti, nanga inkasunga pa memori khadi kapena mkati?" Apo mpamene ndinakumbukira kuti khadi ndinaisiya mu foni ya amayi. Mvula inali itagwa usiku, ndinakwera minibasi mpaka pa Linthipe kenako kabaza wa njinga yamoto m'matope, njira yonse ndikupemphera kuti adzukulu asakhale kuti anaifomata nawonso. Amayi anadabwa kundiona pakati pa sabata, "kwagwanji mwanangu?" Ine ndinangoti amayi ndibwerekeni foni ija. Foda ya DCIM, mmene foni imasunga zithunzi za kamera, inalipo, koma zithunzi za phiri zinali 6 zofanana ngati mapasa ndipo sindinkakumbuka kuti ndinasankha chiti. Muphwa anandiuza pafoni kuti ndiziyesa chimodzichimodzi ndi cryptsetup open --test-passphrase --key-file dzina la chithunzi kenako dzina la disiki, imeneyi imangoyesa kiyi osatsegula kanthu. Chilichonse chinkatenga masekondi angapo, choyamba chakana, chachiwiri chakana, chachitatu chakana, thukuta lili kamukamu pakhonde pa amayi, chachinayi sichinayankhe kanthu, kungobwerera pamzere wolembapo. Ndinaganiza kuti yafa, muphwa akuti "malume ikakhala chete ndiye kuti yavomera." Amayi mpaka lero sakumvetsa chimene ndinavinira tsiku lija.

Atabwera ku holide ya Khirisimasi anandikhazika pansi, ndipo izi ndi zimene ndikufuna anzanga mumve chifukwa ndi pamene ndinaona kuti mavuto onsewa ndinawagula popanda phindu lililonse.

Poyamba keyfile si imene imaloka data yanu. Mukamafomata, LUKS imapanga yokha kiyi wamkulu wachisawawa, pa makonzedwe a masiku ano ndi mabiti 512 a AES-XTS, njira ya masamu yolokera data, amene kwenikweni ndi makiyi awiri a mabiti 256, ndipo ameneyo ndiye amaloka chilichonse pa disiki. Kiyi wamkuluyo amasungidwa kumutu kwa disiki m'timabokosi totchedwa keyslot, LUKS1 ili nato 8, LUKS2 ili nato 32, nde pasiwedi yanu kapena keyfile yanu ntchito yake ndi kutsegula kabokosi kamodzi basi. Mayi atamva za mabokosi anati ngati bokosi lathu la banki m'khonde la maloko atatu, muphwa anati ayi azakhali kusiyana kwake n'koti lanu lija pamafunika onse atatu osunga makiyi abwere, pamene apa aliyense mwa iwo amatsegula yekha. Mfundo imeneyi muisunge, ndibwereranso.

Chachiwiri ndi chimene chinandipweteka. Keyfile ija isanatsegule kabokosi imadutsa kaye mu chigayo cha masamu, pa LUKS1 ndi PBKDF2, pa LUKS2 nthawi zambiri ndi Argon2id, ndipo chigayo chimenechi chinthu choyamba chimene chimachita ndi kufinya zonse mwachipatsazo kukhala kanthu kakang'ono. Argon2 imafinyira mu mabayiti 64. PBKDF2 yoyendera SHA-256 ikalandira chinthu chotalika kuposa mabayiti 64 imachifinyira mu mabayiti 32. Iye anati zili ngati kutsanulira mgolo wa madzi m'kapu ya tiyi, kaya mubweretse ndowa kaya thanki, chotsala ndi kapu imodzi yomweyo. Nde 4 MB yanga ija, olo vidiyo ya ukwati ikanaloledwa, mapeto ake inali mabayiti 64.

Ndinamufunsa kuti nanga mabayiti 32 kapena 64 si zochepa zimenezo, poti meseji imodzi ya pafoni imaposa pamenepo. Anatenga pepala. Bayiti imodzi ndi mabiti 8, nde mabayiti 32 ndi mabiti 256, ndipo ngati mabitiwo ali achisawawa enieni, kuchuluka kwa makiyi amene wakuba ayenera kuyesa ndi 2 kuchulukitsa ndi 2 maulendo 256, nambala ya madijiti 78. Anailemba poyambira pokha n'kuti malume biliyoni ili ndi madijiti 10 okha, inu onani apa. Palibe kompyuta imene ingamalize kuyesa zimenezo, ndipo AES-256 imene ikuloka disikiyo mphamvu yake ndi yomweyo, nde olo kiyi wa kabokosi akule bwanji sangapose chitseko chimene akutsegula.

Nkhani yonse ili pa mawu oti chisawawa. Fayilo ya 5 MB yodzaza ndi ziro zokhazokha ndi yaikulu koma ilibe chinsinsi. Nyimbo imene munadawuniloda ndi yaikulu koma anthu masauzande ali nayo yomweyo bayiti ndi bayiti, wakuba akatenga laputopu yanu atha kungoyesa fayilo iliyonse imene ilimo, ngati mmene ine ndinayesera zithunzi 6 zija, ndipo kwa kompyuta mafayilo masauzande angapo ndi ntchito ya maola chabe. Chithunzi chojambula wekha chili ndi chisawawa chokwanira inde, pamenepo sindinalakwe, koma vuto lake ndi loti chithunzi ndi chinthu chimene mapulogalamu amakonda kuchigwiragwira. Kuchitembenuza mu galare, kuchidula, kuchitumiza, pena pulogalamu yosanja zithunzi kungolembamo kachizindikiro mkati, basi kiyi wapita. Nyimbo za mp3 nazonso mapuleya ena amasintha matagi ake.

Kwa amene muli pa Windows ndipo mumagwiritsa VeraCrypt, pulogalamu inanso yolokera madisiki, nkhani ndi yomweyo mwinanso kuposa. Iyo imawerenga 1 MB yoyambirira yokha ya keyfile, mabayiti 1,048,576, zotsalazo siziwerengedwa n'komwe, nde vidiyo ya 2 GB ndi kungolemetsa fulashi. Ndipo chida chake chopangira keyfile chimene chili mkati mwa pulogalamuyo chimayambira pa mabayiti 64, eni akewo anaona kuti n'zokwanira.

Pali malo amodzi pamene kukula kumafunika kukhale ndendende, ndi pa plain dm-crypt, imene ilibe mutu wa LUKS. Pamenepo keyfile siidutsa m'chigayo, imadulidwa pa kukula kwa kiyi wa cipher, njira yolokera ngati AES ija, n'kugwiritsidwa ntchito mmene ilili, nde ngati mwasankha mabiti 512 pafunika mabayiti 64 achisawawa enieni. Muphwa anati mukanachita zimenezo ndi chithunzi chanu ikanatenga mabayiti oyambirira okha, ndipo JPEG iliyonse padziko imayamba ndi FF D8 FF kenako zolemba za kamera zodziwika kale, kunena kwina loko wa pulasitiki. Ine plain sindinaikhudzepo ndipo ngati mukungoyamba kumene musaikhudze.

Mukamafufuza pa intaneti mupeza malangizo ambiri olemba dd bs=512 count=4, imene imapanga mabayiti 2048, ena amapanga 4096. Sizolakwika ayi, ngati yanu munapanga choncho kuchokera ku /dev/urandom, gwero la manambala achisawawa la Linux, isiyeni ikugwira ntchito bwinobwino, kungoti siikuposa ya mabayiti 64 pa mphamvu. Chimene chinandipangitsa ine kusankha 64 ndi chinthu chimene sindinachiganizirepo ndi kale lonse, kuti kiyi wamng'ono amalembeka papepala. Mabayiti 64 mukawasandutsa hex ndi zilembo 128 zokha, kuyambira 0 mpaka 9 ndi a mpaka f. Mabayiti 4096 ndi zilembo 8192, ndani angakopere zimenezo osalakwitsa, ndipo olo pa QR code sizikwana poti yaikulu kwambiri imathera pa mabayiti 2953. Chithunzi cha 4 MB nde musanene.

Zimene tinachita tsiku limenelo ndi izi, koma dzina la disiki muziyamba mwaliona ndi lsblk chifukwa kwa ine ndi sdb1 kwa inu litha kukhala lina. Kupanga kiyi ndi kumuteteza kuti asawerengedwe ndi wina aliyense:

head -c 64 /dev/urandom > kiyi.bin
chmod 400 kiyi.bin

Kenako kumuonjezera pa disiki pogwiritsa ntchito chithunzi chija ngati kiyi wakale:

sudo cryptsetup luksAddKey /dev/sdb1 kiyi.bin --key-file phiri.jpg

Tinamuyesa ndi --test-passphrase ija kaye tisanachite china chilichonse. Kenako xxd -p kiyi.bin inationetsa zilembo 128 zija, ine ndinafuna kungopulinta poti pulinta ili pompo, iye anakana kuti makina a pashopu amadutsapo anthu ambiri, lembani pamanja. Ndinalemba m'magulu a zilembo zinayizinayi, magulu 32, pa mapepala awiri. Nde anandiuza kuti ndizitaipenso kuchokera papepalapo, tizibwezere kukhala fayilo ndi xxd -r -p, tifananize sha256sum, imene ili ngati chidindo cha chala cha fayilo, ya fayilo yatsopanoyo ndi ya kiyi.bin. Ulendo woyamba sizinafanane. Tinafufuza mpaka tinapeza kuti pamalo ena b wanga amaoneka ngati 6, dzanja langa ndi la dokotala. Tikanapanda kuyesa pepala limenelo likanakhala mu envelopu zaka ndikulidalira chabe, ngati mmene ndinkadalirira bakapu ya pa app ija.

Kamsampha kena kakang'ono, ngati mukufuna keyfile ya zilembo zowerengeka musaipange ndi echo wamba kapena kuitsegula mu edita n'kuseva, chifukwa zimaonjezera kabayiti ka mzere watsopano kumapeto kosaoneka ndi maso, ndipo cryptsetup imawerenga fayilo yonse ndi kabayiti komweko. Mukaona ls -l ikunena 65 pamene mumayembekeza 64 dziwani kuti ndi kameneko.

Pasiwedi ija ndinkainyoza tinaiikanso mu kabokosi kachiwiri, kuti fulashi ikasowa ndisakwerenso kabaza. Koma apa mpamene mfundo ya bokosi la banki m'khonde ija ikubwerera, poti kabokosi kalikonse kamatsegula pakokha, disiki yanu ndi yolimba molingana ndi kabokosi kofooka kwambiri. Mukaika keyfile yabwino uku kwinaku pasiwedi ndi dzina la mwana wanu ndi chaka chobadwa, wakuba sangavutike ndi keyfile, alowera pa dzina la mwanayo. Argon2id imachedwetsa kuyesa kulikonse, pa makonzedwe wamba pafupifupi masekondi awiri pa kompyuta yanu komanso imadya memore yambiri dala, koma siingapulumutse pasiwedi yoti mnzanu wa kutchalitchi atha kuilota. Yanga ndi mawu 7 a Chichewa osagwirizana amene tinasankha mwa maere, tinalemba mawu ambirimbiri pa timapepala n'kumatola m'chipewa.

Titatsimikiza kuti kiyi watsopano ndi pasiwedi zonse zikutsegula, chithunzi tinachichotsa ndi luksRemoveKey, ndipo pambuyo pake, osati poyamba, tinatenga bakapu ya mutu wa disiki ndi luksHeaderBackup. Dongosolo limeneli ndi lofunika chifukwa bakapu ya mutu imasunga timabokosi mmene tinalili tsiku limenelo, mukaitenga musanachotse kiyi wakale ndiye kuti kiyi wakaleyo azitsegulabe kudzera mu bakapuyo. Pa LUKS2 ndi fayilo ya pafupifupi 16 MB, ndipo mutu ukaonongeka popanda bakapu olo mukhale ndi makiyi onse olondola data yapita, nde ndi magetsi athu othimathimawa ine sindinafune kuyesa mwayi.

Panopa fulashi ya kiyi ndinaimata tepi yofiira ndipo siyenda m'chikwama chimodzi ndi disiki, imakhala m'thumba la thalauza, chifukwa kiyi ndi loko zikabedwa limodzi masamu onse aja a madijiti 78 alibe ntchito. Pepala limodzi lili mu sutikesi ya mayi, lina lili kwa amayi ku Linthipe mkati mwa buku la nyimbo za kutchalitchi, anandilonjeza kuti adzukulu sakhudzako. Azimayi a banki m'khonde anagawana ndalama zawo Loweruka lomwe lija osadziwa kanthu.

Alamu atamva nkhaniyi anabwera ndi fulashi yawo kuti nawonso ndiwalokere, ndikuwapangira kiyi anasuzumira pa sikirini n'kuona 64, akuti "alamu, kakang'ono chonchi? onjezerani pang'ono ndilipira." Ndinawauza kuti akhale pansi ndiwafotokozere za mgolo ndi kapu ya tiyi, anamvera mpaka kumapeto koma potuluka anati bola ndikanawapangira ya 100 olo. Chithunzi cha phiri chija ndinachipulinta pa A4 chili pakhoma pamwamba pa makina a fotokope, sabata yatha kasitomala wina amafunsa ngati ndimagulitsa.